Mphini za pa Chibangili cha Amayi

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe lole inabwera kudzatinyamula pagombe lathu. Chinali chaka chosamutsa midzi, pamene boma linalamula kuti aliyense wokhala kwayekha akamange pamzere m'mudzi wa ujamaa, mudzi wolimira pamodzi. Ife tinkakhala pakagombe kena kumpoto kwa Mbamba Bay, cha ku Kihagara, nyumba zinayi zokha, tonse olankhula Chinyanja chifukwa makolo athu anachokera kutsidya kwa nyanja. Anyamata onyamula ndodo anatiuza kuti pofika masana tikhale titakwera. Abambo ananyamula mvukuto, nyundo ndi tupa zawo, amayi ananyamula mtondo ndi mwana wa m'manja, ndipo manda atatu a abale anga omwe anamwalira ali aang'ono anatsala pansi pa mtengo wa mango. Ndili pamwamba pa katundu m'lolemo, ndinadziuza kuti ngati munthu angazulidwe chonchi ngati chinangwa, bola ndidzizule ndekha ndikagwe kumene ndasankha.

Abambo anali osula. Ankapanga mbedza, kukonza nyali ndi mapulaimasi, koma chimene anthu ankawadziwa nacho ndi mphete za ukwati. Mkwati ankabwera ndi kobiri lakale, abambo n'kuliboola, kulimenya m'mphepete pang'onopang'ono mpaka litasanduka mphete yoti wansembe aidalitse. Ine ndinaphunzira kugwira tupa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Koma kumudzi watsopanoko m'mawa uliwonse unali wa kumunda wa gulu, ndipo mkono wa munthu wosula unkawerengedwa chimodzimodzi ndi mkono wina uliwonse wogwira khasu. Ndinapirira miyezi isanu, kenako ndinauza amayi.

"Ukupita kukatani kumeneko, Barnaba?"

"Kukasula, Amayi. Zaka ziwiri zokha."

"Matchona onse anayamba ndi zaka ziwiri."

Sanandiletse. Anandimangira usipa wouma ndi ufa m'kansalu, ine n'kukwera galimoto ya ku Songea.

Ku Dar es Salaam ndinapeza ntchito kwa sonara wina wachimwenye, Mzee Premji, wopanga zokongoletsa za golide. Ndinapita ngati mmisiri, koma anandipatsa tsache. Zaka zitatu ndinasesa, ndipo fumbi lomwe ndinkasesa linali lamtengo kuposa ine, chifukwa silinkatayidwa: ankalisunga m'thumba kuti adzaliwotche n'kupulumutsamo golide wogwa potupa. Poweruka tonse tinkasamba m'manja m'ndowa imodzi, madziwo n'kusungidwanso. Mzee ankayang'ana m'zikhadabo mwathu mmodzimmodzi, osakwiya, osaseka, monga mayi ayang'anira nsabwe m'mutu mwa mwana. Tsiku lina anandiona ndikuwongola ndolo yopindika ndi msomali wamba. Mawa lake anandikhazika pabenchi.

Za kusungulumwa sindibisa. Ndinkakhala m'kachipinda ku Buguruni, m'nyumba ya mabanja asanu ndi limodzi, bafa limodzi. Sabata yonse ndinkalankhula Chiswahili, pantchito ndinkamva Chimwenye, ndipo Lamulungu ndinkadzilankhulira ndekha Chinyanja pochapa malaya, kuopa kuti chingandithawe. Anzanga ankanditcha Mnyasa. Akakwiya ankafunsa kuti kodi ndine wa dziko lino kapena wa kutsidya, ndipo yankho ndinalibe lomwe likanawakhutitsa. Ndinakhalapo ndi mkazi wina zaka zisanu ndi ziwiri. Anali munthu wabwino, koma mwana sitinaone, ndipo anapita kwawo ku Tanga osabwereranso.

Ndalama ndinkatumiza, pamenepo palibe angandinamizire. Mwezi uliwonse wachitatu ndinkaima pamzere kupositi. Zaka zomwe sopo ndi shuga zinasowa m'masitolo a gulu, ndinkamanga mitanda ya sopo, shuga ndi zitenje n'kupatsira dalaivala wa basi. Makalata ankalemba ndi mlongo wanga Agnesi, wonditsatira mwa amoyo, chifukwa amayi sanapite kusukulu. Kalata ina inati nyanja yadzaza kuposa kale, yameza gombe lathu lakale, mtengo wa mango ndi manda atatu aja. Ina inati mng'ono wanga Yakobo wamira ndi bwato cha ku Ndumbi ndipo thupi silinapezeke. Ndinalira, ndinatumiza ndalama. Kenako inabwera yoti abambo amwalira. Inandipeza patatha masabata atatu ataikidwa. Ndinadziuza kuti msewu wa ku Songea ndi matope okhaokha, kuti ndi nyengo ya maukwati ndipo Mzee sangandimasule, kuti kupita sikungawadzutse. Zonsezo zinali zoona. Koma choona china n'chakuti ndikanatha kupita, ndipo ndinatumiza ndalama.

Lero ndikulemba izi ndili pakhonde la Agnesi, chifukwa ndinabwerera ndithu maso atayamba kufooka. Amayi kulibe, anatisiya chaka chimodzi ndisanapume pantchito. Ana a m'mudzi muno amanditcha Babu wa Dar, kutanthauza Agogo a ku Dar, ndipo akulu akamakamba za maliro akale kapena za malire a minda amandidumpha mwaulemu, monga adumphira mlendo. Sindiwadandaula. Munthu sungakolole pamunda pomwe unkangotumizapo feteleza.

Makompyuta anafika pantchito pathu ine imvi zitayamba. Anabwera nawo ndi Ashoki, mwana wa Mzee Premji, atabwerako kumaphunziro kunja. Anagula zinthu zitatu. Choyamba chinali kabokosi ka kuwala kofiira: ukaikamo mphete, kankaizungulira n'kuijambula mbali zonse, mpheteyo n'kuoneka pakompyuta yaikulu ngati tayala la lole. Chachiwiri chinali kompyutayo, momwe unkatha kukuza, kuchepetsa, kupinda kapena kusalaza chinthucho ndi chala chimodzi. Chachitatu chinali makina osema, okhala ndi kamsomali kozungulira mothamanga, komwe kankadula phula lobiriwira kutsata zomwe kompyuta yanena. Phulalo tinkalikwirira m'pulasitala, kuliwotcha mpaka litasungunuka, n'kuthira golide kapena siliva m'malo lomwe lasiya. Ntchito yomwe inkanditengera masiku anayi pabenchi, makinawo ankaimaliza ine ndikumwa tiyi.

Amisiri anzanga atatu akale anachotsedwa chaka chomwecho. Mmodzi anati iye sangagwadire wailesi yakanema. Ine ndinagwada. Ndinkatsalira Loweruka masana, Ashoki n'kumandionetsa, dzanja langa lozolowera nyundo likukhudza mozengereza kanthu kosunthira komwe amakatcha mbewa. Anyamata ankaseka kuti madala akuopa kulumidwa. Koma patapita chaka ndinawaposa, chifukwa iwo ankadziwa kompyuta koma sankadziwa chitsulo. Ine ndinkadziwa pomwe golide amathyoka, pomwe mwala umagweruka, pomwe mphete imaluma chala. Makasitomala ankabwera ndi chithunzi kapena ndi ndolo imodzi ya agogo awo yomwe inzake inatayika, ndipo Ashoki ankati, "Mpatseni Mzee Barnaba." Ndinayamba kudzimva shuga, ndipo kudzimva kumeneko n'komwe kunandigwetsa.

Tsiku lina dalaivala wa basi anandibweretsera kaphukusi kochokera kumudzi. Munali chibangili cha amayi, cha mkuwa, chothyoka pawiri. Ndinachizindikira nthawi yomweyo. Abambo anachisula kuchokera ku paipi ya sitima yapamadzi yakale chaka chomwe anakwatirana, ndipo sindinawaonepo amayi osachivala, kaya posinja, kaya poviika chinangwa, kaya kutchalitchi. Pamodzi ndi chibangilicho panali kapepala ka Agnesi: "Achimwene, amayi akuti muwalumikizire chibangili chawo. Owotcherera kuno angachiononge. Akuti mungolumikiza basi, musasinthe kanthu."

Ndinawerenga mawuwo kawiri, ndipo ndinawamva bwinobwino. Kulumikiza kunali ntchito ya theka la ola. Koma nditachiika m'kabokosi ka kuwala n'kuchiona chachikulu pakompyuta, manyazi anandigwira. Chinali chokhota, chodyeka mbali imodzi, chobiriwira m'makona. M'mphepete mwake kunja munali timadulidwe tisanu ndi titatu, m'kati munali tisanu, ndipo mng'alu unayambira pa kachisanu ka m'katimo, chifukwa kanali kakuya kuposa tonse. Ndinaganiza kuti ndi zipsera za mpeni ndi khasu, za zaka makumi asanu za ntchito. Ndinadzifunsa kuti mayi wa munthu wopangira akazi a nduna mikanda ya golide angavale bwanji paipi ya sitima.

Ashoki anasuzumira paphewa langa. "Cha ndani ichi, Mzee?"

"Cha amayi anga."

"Apangireni cha siliva. Siliva ndikupatsani ine. Mkuwa uwu watha."

Ndinasalaza timadulidwe tija kamodzikamodzi. Ndimakumbukira chiwerengero chake chifukwa kalikonse ndinkakakuza kaye pagalasi, kukafufuta, n'kupita pa kena. Ndinawongola pokhota, ndinadzaza podyeka, ndinasiya kukula kwake ndi kapotokolo ka abambo m'nsonga kuti azichizindikira. Posunga m'kompyuta, ndinasunga chithunzi chatsopanocho pamwamba pa chakale n'kuchifafaniza, monga tinkachitira nthawi zonse. Makina anasema phula, tinathira siliva, ndinachipukuta mpaka ndinkadziona nkhope. Zidutswa ziwiri za mkuwa ndinaziponya m'chitini cha zotsalira, chomwe ogula zitsulo ankabwera kudzakhuthula kumapeto kwa mwezi.

Chinali chokongola moti sindinafune kuchipereka kwa dalaivala. Ndinafuna kuona ndekha nkhope ya amayi pochilandira. Ndinapempha tchuthi cha masabata awiri, choyamba chopita kwathu m'zaka zoposa makumi atatu. Ndinene zoona: sichinali chifundo chomwe chinandikweza basi, kunali kufuna kutamandidwa.

Ndinafika m'mawa. Mudzi wa pamzere uja unali utakula, mitengo yomwe tinabzala mokakamizidwa inali itapereka mthunzi, ndipo ndinachita kufunsa njira ya kwathu kwa mayi wogulitsa tomato. Agnesi, yemwe ndinamusiya ali mtsikana wa sukulu, anali gogo wa zidzukulu zinayi. Anandigwira dzanja, kenako ananditengera kuseri kwa nyumba. Amayi anali pamkeka, akusenda chinangwa choviika ndi zala zokha. Maso onse awiri anali oyera ndi ng'ala. Zimenezi palibe anandilembera, kapena analemba ine osasamala.

Ndinagwada, ndipo pakamwa panga panatuluka moni wa ku Dar. "Shikamoo, Amayi."

"Marahaba," anayankha, monga ayankhira alendo odzabaya katemera.

"Ndi achimwene, a Barnaba, Amayi," anatero Agnesi.

"Ndamva. Mawu ndi a bambo ake. Wabwera nacho?"

Ndinatsegula kabokosi kofiira n'kuika chibangili m'manja mwawo. Akazi oyandikana nawo anali atasonkhana, ndipo anachita kuombera m'manja. Amayi anapukuta zala pachitenje, anayendetsa chala chachikulu kunja kwa chibangilicho, kuzungulira konse. Anayendetsanso m'kati. Anabwereza. Kenako anachiika pamkeka.

"Ichi n'cha munthu wina. Changa chili kuti?"

"N'chomwecho, Amayi, ndachipanganso. Chija chinali chitatha. Ichi n'cha siliva, sichichita dzimbiri."

"Ana anga ali kuti?"

Sindinamve chomwe ankatanthauza. Akazi aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Agnesi anandikokera pambali pa nkhokwe, ndipo analankhula motsitsa mawu koma mano ali pamodzi.

"Ndinalemba kuti musasinthe kanthu. Simunawerenge?"

"Ndinangochotsa zipsera."

"Si zipsera, achimwene. Ndi mphini. Mwana akabadwa, amayi ankatenga tupa ya abambo n'kutema kunja. Akamwalira, ankatema m'kati, kokhudza khungu. Kuyambira pomwe nyanja inameza manda, m'mawa uliwonse amagwira mphini ya m'kati iliyonse n'kutchula dzina popemphera. Manda awo anali amenewo. Chakalecho mwabwera nacho?"

Ndinamuuza za chitini ndi ogula zitsulo. Anafunsa ngati kompyutayo siikumbukira, poti anamva kuti makompyuta saiwala. Ndinamuuza kuti imakumbukira chomwe wailamula, ndipo ine ndinailamula kuiwala. Ine mwana wa m'nyumbamo, wogwira zitsulo moyo wanga wonse, ndinali ndisanayang'anepo mkono wa amayi anga moti n'kufunsa.

Kenako chiwerengero chija chinandibwerera. Tinabadwa asanu ndi atatu, pamenepo panalibe vuto. Koma omwalira anali anayi: Petro, Monika ndi Esita a pansi pa mango, ndi Yakobo wa m'nyanja.

"Agnesi, m'kati munali zisanu. Wachisanu ndani? Pali amene simunandiuze?"

Anayang'ana kumbali. "Anatema sabata yomwe ndalama zanu za maliro a abambo zinafika. Anakhala tsiku lonse akudikira basi, poganiza kuti ndalamazo zatsogola, inu muli m'mbuyo. Mawa lake anatenga tupa. Anatema ndi mkwiyo, n'chifukwa chake inazama. Chibangilicho chinathyokera pa inu."

Zaka zonse zomwe ndinkaima pamzere kupositi ndikudziyesa mzati wa banja, m'mawa uliwonse dzina langa linkatchulidwa pamodzi ndi la Petro ndi la Yakobo. Sopo wanga ankachapira, shuga wanga ankamwa, ndipo ankandipempherera ngati womira. Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mkwiyowo umabwera. Koma sindinapeze munthu woti ndimukwiyire n'kukhala wolungama.

Masiku atatu amayi sanachikhudze chibangilicho. Ankandilankhula mwaulemu, kundifunsa ngati ndagona bwino, ngati ku Dar kumagwa mvula. M'mawa ndinkawaona akupapasa mkono wopanda kanthu, milomo ikuyenda. Tsiku lachinayi anatuma Agnesi kukatenga tupa ya abambo, yomwe ankaisunga m'thumba la Baibulo. Inali yaing'ono, ya makona atatu, chigwiriro chake chitada ndi thukuta la munthu yemwe sindinamuike m'manda.

"Ine sindiona, ndingadzicheke," anatero. "Iwe ndiwe mmisiri. Khala apa uteme."

Ndinakhala pamkeka, chibangili ndinachitsamiza pabondo. Panalibe galasi lokuza, panalibe choyezera. Amayi anagwira mkono wanga kuti amve tupa ikuyenda.

"Yamba kunja. Petro."

Ndinatema. Anapapasa ndi chala, anagwedeza mutu.

"Barnaba. Monika. Agnesi. Usathamange, pakati pa Agnesi ndi Yakobo panali zaka zitatu, siya mpata."

Ndinasiya mpata. Yakobo, Luka, Esita, Marita. Siliva yemwe ndinamupukuta maola awiri ankagwa ngati phulusa pa thalauza langa, ndipo palibe anabwera kudzamusesa.

"Tsopano m'kati. Petro. Anakhala masiku asanu ndi anayi okha, tema pang'ono."

Ndinatema pang'ono. Monika, wa chikuku. Esita, yemwe anamwalira ali kumsana panjira ya kuchipatala. Yakobo. Nditamaliza yachinayi ndinaimitsa dzanja, tupa ili m'mwamba. Agnesi anasiya kupeta. Ndinkafuna kunena kuti ndili pano, Amayi, ndabwera, gwirani nkhope yanga. Koma iwo ndi amene anayamba kulankhula.

"Wabwera ndi katundu wochuluka bwanji?"

"Chikwama chimodzi, Amayi."

"Ubwerera liti?"

Ndikanatha kunama. Ashoki anali atandiimbira kale kawiri za mikanda ya ukwati wina waukulu, ndipo tikiti inali m'thumba la malaya.

"Sabata yamawa. Koma ndidzabweranso, Amayi. Zatsala zaka ziwiri kuti ndipume."

Chala chawo chinali pamalo osalala, pafupi ndi mphini ya Yakobo. Kenako anasuntha chalacho kundipatsa malo.

"Tema," anatero. "Koma usazamitse ngati ine. Chingathyokenso, ndipo ndilibe wina womutumizira."

Ndinatema.